Multimeter yoyeza makapasita: pa fani ndi pampu ndi yabwino, pa bodi ya TV musaidalire yokha

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimakonza mafani, madikoda, ma TV ndi maamplifaya. Kale ndinkangodalira timita totchipa tija ta DT830 tomwe timapezeka paliponse. Timayeza ma volt ndi ma ohm bwinobwino, koma pa kapasita tilibe malo. Umangoika pa ma ohm n'kumayang'ana nambala ikukwera mpaka kukathera pa 1, zomwe zimangokuuza kuti kapasitayo sinapange shoti. Zoti mphamvu yake yatsala yochuluka bwanji, osadziwa. N'chifukwa chake ndinagula iyi ya auto-range (yodzisankhira yokha mulingo woyezera), yokhala ndi poyezera makapasita.

Pa mafani ndiye yandibwezera ndalama yanga. Fani yapadenga ikayamba kuzungulira mwaulesi, kapena kumangolira osanyamuka mpaka wina aikankhe ndi ndodo, kawirikawiri vuto limakhala kapasita. Pathupi pake palembedwa 2.5µF 450V (µF ndi muyeso wa mphamvu ya kapasita), iwe kuyeza upeza 0.9µF. Kasitomala amene wabwera ali wotsimikiza kuti mota yapsa, ukamuonetsa nambala ziwirizo mkangano umathera pomwepo. Makapasita a mota ambiri amalembedwa ±5%, choncho 2.4µF ilibe mlandu, koma ikatsika kwambiri ndimangosintha. Pa pampu ya madzi n'chimodzimodzi. Masiku ano ndimainyamulanso pokagula makapasita atsopano, chifukwa ena amakhala operewera asanagwire n'komwe ntchito, ndipo wogulitsa akaona watulutsa mita amayamba kufunafuna bokosi lina.

Makapasita aakulu, monga 4700µF ya mu amplifaya, imatenga masekondi angapo isanakhazikike pa nambala. Musafulumire kuchotsa mawaya poganiza kuti yakana. Pa ting'onoting'ono ta ma nF (ma nF 1000 ndiwo 1µF), dinani kaye batani la REL mawaya asanakhudze kanthu, kuti ichotse kanambala komwe mawayawo amaonetsa paokha. Ndipo zulani mwendo umodzi pa bodi musanayeze. Mukayezera pabodi pomwepo, imawerengera limodzi ndi zina zonse zolumikizana nayo, nambala yake n'kukhala yabodza.

Chinthu chimodzi chomwe kapepala ka m'bokosi kanangochitchula mwachidule: kapasita iyenera kukhala yopanda moto musanaiyeze. Magetsi athu a 230V akadutsa mu ma diode amafika cha m'ma 325V pa kapasita yaikulu ya mu power supply, ya 400V kapena 450V, ndipo imatha kuwasunga ngakhale mwazula pulagi. Ndimayamba ndayeza pa DC volt, kenako ndimatsitsa motowo ndi babu lakale la 60W kapena resistor. Zogunditsa sikuludiraiva pa miyendo yake zija siyani, zimathetheka n'kudya malo owotcherera. Kapasita yodzaza moto mukaigwiritsa mita ili pa µF, mutha kuiwononga mitayo nthawi yomweyo.

Pomwe yataya nyenyezi ndi pa ma power supply a TV ndi madikoda. Dikoda ikumangophethira kagetsi osayaka, umakayikira timakapasita ta 1000µF 16V. Totupa pamwamba sitivuta, maso okha amakwana. Ovuta ndi aja ooneka osalala. Mita ikuti 940µF, ndipo poti makapasita amtunduwu amaloledwa kusiyana mpaka 20%, umati ali bwino. Koma ukasintha, dikoda n'kuyaka. Chomwe chimakhala chachitika n'choti madzi a mkati mwake ayamba kuuma ndi kutentha, ESR (ma ohm a mkati mwa kapasitayo) yakwera, ndipo pa liwiro lomwe ma supply amenewa amayendera kapasitayo sikusefanso moto. Mita iyi ESR siyeza. Pamafunika ESR meter, yomwe imayeza pa 100kHz ndipo nthawi zambiri imatha kuyezera pabodi osazula kanthu. Kunena zoona si vuto la mita yangayi yokha, ma multimeter wamba ambiri ali choncho, koma wogula ayenera kudziwa asanatulutse ndalama.

Mawaya omwe inabwera nawo ndi ofooka. Waya wofiira unayamba kuduka mkati cha pogwirira, nambala n'kumadumphadumpha, mpaka ndinagula ena olimba pamodzi ndi topanira tija tokhala ngati kamwa la ng'ona, kuti manja azikhala kutali ndi miyendo ya kapasita. Sikirini imawerengeka bwino ngakhale mu shopu yamdima, ndipo imadzizimitsa yokha ukaiiwala, batire silitha msanga.

Kwa amene ntchito yake ndi mafani, mapampu ndi mamota, iyi yokha ikukwanirani. Amene mumagwira ma TV ndi madikoda, gulani, koma pa bajeti yomweyo muikepo ndi ESR meter.