Pampu ya pamanja yofinyira mkaka: zimene ndinaona pa mwana wanga wobadwa masiku osakwana

Amayi anzanga akhala akundifunsa ngati n'koyenera kugula pampu yofinyira mkaka mwana akabadwa masiku osakwana. Ine ndimati gulani ngati ndalama ilipo, koma musathamange nayo, ndipo musatenge ngongole chifukwa cha iyo. Inandithandiza ndithu, kungoti sinathandize pa masiku amene ndinkaifuna kwambiri.

Mwana wanga wamkazi anabadwa mimba ili ndi masabata 32, sikelo inawerenga makilogalamu 1.6. Achipatala amati mwana wabadwa masiku osakwana akabadwa asanafike masabata 37, ndipo kwathu kuno ana otere ndi ambiri zedi. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ndi anzake la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ana pafupifupi 18 pa ana 100 alionse. Mwana wa masabata 32 njala amaimva, koma kuyamwa, kumeza ndi kupuma pa nthawi imodzi amakhala asanakuthe, zimenezo zimayamba kugwirizana cha m'ma sabata 34. Choncho wanga ankadyera m'kachubu kolowera m'mphuno kukafika m'mimba. Ine ntchito yanga inali yotulutsa mkaka woti udutse m'kachubumo.

Pampuyo anagula ndi bambo a kunyumba pa famase ina m'tauni, atamva kuti mkaka sukutuluka. Ndi ya pulasitiki yoonekera mkati. Ili ndi fanelo yovundikira bere, chogwirira chimene umapanikiza ndi dzanja, kavavu kakang'ono ka mphira kofewa, ndi botolo lolandirira mkaka lokhala ndi mizere ya muyezo. Siifuna magetsi kapena mabatire, ndipo ubwino wake woyamba ndi umenewu, chifukwa magetsi akathima usiku mwana sadikira.

Masiku oyambirira sinagwire ntchito ngakhale pang'ono. Mkaka woyamba uja, wachikasu, wokhuthala, umabwera m'madontho owerengeka. Ndikapopa, timadontho timeneto tinkamatirira mu fanelo ndi mu vavu, m'botolo osafika kanthu. Mtima unkandipweteka kuona mkaka wofunika chotero ukuthera m'pulasitiki mwana ali ku nazale. Anamwino ena achikulire ndi amene anandikhazika pansi, nandiuza kuti pampuyo ndiisunge kaye, aphunzitse manja anga. Kusamba m'manja ndi sopo, kusisita bere pang'onopang'ono, kuika chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi m'mphepete mwa malo akuda ozungulira nsonga ya bere aja, kukankhira chakuchifuwa, kenaka kupanikiza ndi kumasula, kuzungulira bere lonse. Osakoka nsonga, osakhula khungu. Iwo ankatola dontho lililonse ndi kasirinji. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anayamba kulandira mkaka wanga, ndipo panalibe ndalama ina imene inalowapo.

Ndikhalepo pang'ono pa nkhani ya mkaka wa mayi mwini. Matumbo a mwana wosakhwima ndi osalimba, ndipo pali matenda ena oopsa otupitsa ndi kuwononga matumbo amene amagwira kwambiri ana otere. Mkaka wa m'mawere umachepetsa ngozi imeneyi poyerekeza ndi wa m'chitini. Komanso mkaka wa mayi amene wabereka masiku osakwana umakhala ndi zomanga thupi zochulukirapo m'masabata oyamba. Wa m'chitini wa ufa uja ungakhale ndi tizilombo ngakhale chitini chili chatsopano, osanena za madzi osungunulira. Ndiye achibale akabwera ndi chitini chifukwa cha chifundo, athokozeni, koma musachitsegule dokotala asananene.

Pampu inayamba kuonetsa phindu lake mkaka utabwera wambiri. Muyezo wa mkaka wa mwana amaukweza pang'onopang'ono mpaka kufika cha pa mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, nthawi zina kupitirirapo. Kwa mwana wa makilogalamu 1.6 ndiye kuti mamililita 240 pa tsiku, 20 pa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Pomva zimaoneka zochepa. Koma kufinya ndi manja kosalekeza, uli ndi tulo, msana ukuwawa, zala zimafika pouma. Apa pampu inandipumitsa. Inkatulutsa mkaka mofulumira, mawere akadzaza kwambiri inkandipepukitsa, ndipo mizere ya pabotolo inkandionetsa ngati ndakwanitsa muyezo. Njira imene inandiyendera bwino ndi yosakaniza: kuyamba ndi kusisita, kupopa mpaka mkaka uchepe, n'kumalizitsa ndi manja. Mkaka wotsirizawo ndi umene uli ndi mafuta ambiri, ndipo anamwino ankatilimbikitsa kuti tisausiye m'bere chifukwa ndi umene umakweza sikelo. Pampu payokha sinkaumaliza.

Apongozi anga ankabweretsa thobwa ndi nsinjiro kuti mkaka uchuluke, ndipo ndinkamwa mokondwa chifukwa mayi woyamwitsa ayenera kudya ndi kumwa mokwanira. Koma chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuutulutsa pafupipafupi, kosachepera kasanu n'katatu pa maola 24, kuphatikizapo usiku. Bere likakhalitsa lodzaza, thupi limachepetsa kupanga. China chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti ndikafinya nditangomuchotsa mwana pachifuwa, mkaka unkayenda msanga kuposa nthawi zina zonse. Njira ya kangaru ija, yomangirira mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu, inayambira mu mzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978, ndipo kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ambiri timaidziwa ngati yofunditsa mwana, koma imathandizanso mkaka. Amene wagula pampu n'kumasiya mwana pabedi wataya chachikulu.

Tsopano zovuta zake, ndipo si zazing'ono. Choyamba ndi kutsuka. Ukamaliza kufinya uyenera kuimasula yonse, kutsuka kachidutswa kalikonse ndi sopo ndi madzi aukhondo, kuiwiritsa, n'kuisiya iume payokha pamalo oyera. Ukangochita ulesi kamodzi, mkaka wotsalira m'makona a vavu umasunga tizilombo, ndipo mwana wa makilogalamu osafika awiri alibe mphamvu yolimbana nato. Kuchipatala kupeza madzi otentha pakati pa usiku kunali kovuta, moti mayi anga amene anali gadiyani ankachita kuyatsa mbaula panja. Kunyumba makala ankatha msanga. Mukamawerengera mtengo wa pampu, muwerengerenso sopo ndi makala. Kapu wamba ya chivundikiro umangotsuka, kuthira madzi owira, basi yatha.

Chachiwiri ndi kavavu kaja. Kakangong'ambika pang'ono pampu yonse siikokanso, ndipo pamene tinagula sankagulitsa kapadera. Funsani zimenezi musanalipire. Chachitatu, fanelo inali ya saizi imodzi. Kwa ine inali yothina pang'ono, nsonga inkakhulika m'mbali mpaka kuyamba kuwawa, ndipo ndinkapopa mofatsa kuti ndisachite zilonda. Kufinya sikuyenera kupweteka. Kukapweteka, lekani, bwererani ku manja.

M'bokosi munalinso titi ya mphira yovalika pabotolo. Imeneyo sindinaigwiritse ntchito, ndipo sindikulangizani kutero. Kachubu katachotsedwa, anamwino anatiphunzitsa kumwetsa ndi kakapu: mwana umamukhazika chotsamira ali maso, kakapu kukagoneka pa mlomo wa m'munsi, kukapendeka mpaka mkaka ungokhudza milomo, iye n'kumanyambita yekha ndi lilime. Osathira m'kamwa, angatsamwe. Zimatenga nthawi ndipo wina umatayikira pa chitenje, koma mwana amapuma pamene wafuna, kakapu sikavuta kutsuka, ndipo wanga atayamba kugwira bere sanavutike. Tinkamuika kubere kaye kuti aphunzire, kenaka n'kumuwonjezera wa m'kapu, mpaka sikelo inayamba kukwera bwino ndi bere lokha. Ana otere akamakula bwino amawonjezera cha pa magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, ndipo musadabwe akatsika kaye m'masiku oyamba, zimachitika.

Pali mtundu wina wa pampu wotchipa, wokhala ndi mpira wofinya kumapeto ngati huta ya njinga. Umenewo musagule ngakhale akutsitsireni mtengo. Mkaka umalowa mumpiramo ndipo simungatsukemo bwino. Musabwerekenso pampu imene wagwiritsa ntchito mnzanu pokhapokha achipatala atsimikiza kuti yaphedwa tizilombo moyenera.

Za kusunga mkaka, popanda firiji ine sindinkaupitiriza maola anayi, wovundikira, pamalo ozizira a m'nyumba, makamaka nyengo yotentha ya mwezi wa October. Woziziritsa ndinkaufunditsa poika kapu m'madzi ofunda, osauwiritsa pamoto.

Ndiye ndani agule? Mayi amene mwana wake akhala nthawi yaitali asanayambe kuyamwa, wa mapasa, kapena amene abwerera ku ntchito mwana akadali wamng'ono, ameneyo pampu imuthandiza, bola akhale ndi madzi aukhondo ndi moto wowiritsira. Amene ndalama ndi yochepa, aphunzire kufinya ndi manja kwa anamwino asanatuluke m'chipatala, agule makapu awiri a chivundikiro ndi sopo, yotsalayo asunge ya thiransipoti yopita ku sikelo. Maulendo amenewo musawadumphe, chifukwa ndi kumene amaona ngati mwana akukula, ndiponso kumene amapereka mankhwala owonjezera magazi amene ana obadwa masiku osakwana amafunikira ngakhale akuyamwa bwino. Mwana akasiya kumwa, akazizira thupi, akamapuma movutikira kapena mimba ikatupa, musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.