Ulendo woona mitengo ya minga ku Chikwawa uja: gaidi ndi katakwe, koma galimoto ndi lanchi ayi ndithu

Amene mwakhala mukufunsa za ulendo uja umatsatsidwa kwa anthu okonda kukwera mapiri kuno ku Blantyre, woti bambo wina amatenga anthu ochepa Loweruka nkutsika nawo ku Chikwawa kukawaphunzitsa kusiyanitsa mitengo ya minga ija amati acacia, ine ndapitako ndipo yankho langa ndi loti pitani, bola mutenge madzi anu, kamba wanu komanso mtima woleza. Dzina la bizinesi yawo sinditchula poti pali zina ndidandaule pansipa ndipo sindikufuna kuthira munthu mchenga m'nsima, koma amene mumayenda ku Michiru ndi ku Ndirande mapeto a sabata mukuwadziwa.

Tinalipira K45,000 aliyense, akuti mmenemo muli transipoti, lanchi ndi maphunzirowo. Anatiuza kuti tikumane pa Ginnery Corner 6 koloko mmawa kuti tikafike kumunsi dzuwa lisanakwiye, ife mbuu kuli mbuu tafika, eni ake tuu mpaka cha m'ma 7:30 ndi pamene ka Sienta kanatulukira, dalaivala akuti amasaka mafuta. Chabwino za mafutazo tonse tikuzidziwa, koma kuimba foni kokha kunawavuta chani? Ndiye kagalimotoko eyakoni inafa kalekale, windo la kumbuyo limodzi silitsika, aliyense amene anapitako ku Chikwawa mwezi wa Okutobala akudziwa chimene ndikunena.

Koma gaidiyo atangoyamba kuyankhula mkwiyo unayamba kutsika wokha. Tisanatuluke ndi mtauni momwe, cha ku Green Corner, anaimitsa galimoto pa mtengo wa kesha nkufunsa kuti uwu ndi chani, theka la gulu linati acacia. Iwo anangoseka nkuti fufuzani munga ngakhale umodzi. Palibe. Kesha wathu wa milimo ndi wa maluwa uja ndi mtundu wa Senna, wobwera, alibe minga ndipo maluwa ake achikasu akuluakulu aja sagwirizana nkomwe ndi a mitengo imene timakafuna. Chimodzimodzi lukina, masamba ake ang'onoang'ono aja amapusitsa anthu koma nayenso alibe munga. Ndinaona kuti anayamba bwino pamenepa chifukwa ambiri aife tinakulira mtauni ndipo mitengo imene timaidziwa ndi yodzala yomweyi.

Njira yake ndi M1 yomwe ija, Mpemba, Chadzunda, kenako kutsetsereka zikhotakhota zija mpaka pa Thabwa nkuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge. Kumtundaku anatiuza kuti tisataye nthawi, nkhalango yachilengedwe ya kuno ndi ya miombo ndi misuku, ndipo yambiri inathera m'matumba a makala amene timapishana nawo pa njinga akukwera chitunda, anyamata thukuta kamukamu. Mitengo ya minga imakonda kumunsi kotentha, dothi lamakande ndi mmbali mwa mitsinje, ndiye ukamatsika umaona ndi maso kuti tchire likusintha, milambe yayamba, tsanya wayamba, minga yayamba.

Chimene ndinapindula kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake ndikuti ndalamayo sinapite pachabe, ndi kayang'anidwe kake ka mtengo. Mgulu mwathu munali mtsikana wina amene anabwera ndi ka app kozindikira zomera pa foni, ankangojambula masamba, kakamupatsa dzina ili, akajambulanso nthambi yomweyo kampatsa lina, kenako netiweki inathawa pa chitsetse paja basi zonse zii. Gaidi anamuuza mwaulemu kuti "achemwali, masamba a mitengo iyi amafanana onse, musavutike nawo, yambani mwaona munga, kenako makoko, kenako khungwa, mukatero muone pamene mtengowo waima." Ndiye tsiku lonse linayenda motero. Ukafika pa mtengo uyambe wagwira kanthambi uone ngati minga ndi yowongoka kapena yokhota, ili iwiriiwiri kapena yamwazikana, kenako uwerame usake makoko pansi chifukwa ngakhale mtengo uli mbee wopanda tsamba pansi pake sipasowa makoko akale. Sanatsutse za app ayi, anati ngati mukufuna ikuthandizeni ipatseni chithunzi cha makoko ndi maluwa osati masamba okha, ndipo netiweki itabwerera pa Dyeratu tinayesa zinayamba kumveka.

Anatifotokozeranso nkhani ya maina imene ine inandipsetsa mtima pang'ono ngakhale siikhudza nsima yanga. Akatswiri a zomera atapeza kuti mitengo yonse inkatchedwa Acacia si ya banja limodzi lenileni anagwirizana zoigawa, ndiye pa msonkhano wawo wa ku Vienna mu 2005 dzinalo linapatsidwa kwa mitengo ya ku Australia poti kumeneko kuli mitundu pafupifupi 1,000, ndipo ku Melbourne mu 2011 anatsimikizanso zomwezo ngakhale anthu ambiri a kuno ku Africa anakana. Yathu inagawidwa pawiri, Vachellia ndi Senegalia. Poyenda zimathandiza chonchi: Vachellia kawirikawiri minga yake ndi yowongoka ndipo maluwa ndi timipira, pamene Senegalia minga ndi yokhota yokola zovala ndipo maluwa amakhala a ngala zazitali. Anatichenjeza kuti lamuloli lili ndi ena olipyola, koma pongoyambira limagwira. Ubwino wake bamboyu amadziwa maina akale ndi atsopano omwe, zomwe ndi zofunika poti mabuku ambiri ndi zikwangwani za m'mapaki zikadali ndi akale aja.

Mkunkhu ndi umene tinayambira, Senegalia nigrescens. Uwu suvuta ukakhala wachinyamata chifukwa thunthu lake limakhala ndi zotupa zolimba chilichonse chili ndi kamunga kunsonga, koma anationetsa wina wamkulu zedi umene zotupazo zinali zitatha pansi ponse, ndiye anati zikatero yang'anani masamba, ndi apa pokha pamene masamba amathandiza poti a mkunkhu ndi akuluakulu obulungira osati tizidutswa tating'ono ngati anzake. Umachita maluwa oyera cha mu Ogasiti mpaka Okutobala masamba asanaphuke ndipo akadyamsonga amaukonda kwabasi. Mtengo wake ndi wolimba, chiswe chimaulephera, nchifukwa chake owotcha makala ndi ofuna nsichi sausiya.

Pa nsangu ndi pamene tinakhalitsa ndipo sindinadandaule. Tangoganizani dziko lonse lili gwaa, udzu wapsa, fumbi kobo, koma pakati pa munda paima chimtengo chobiriwira bii ng'ombe ndi mbuzi zaunjikana pansi pake zikutola makoko opiringizika ofiirira aja. Nsangu umachita zosemphana ndi anzake, umayoyola masamba mvula ikayamba nkuphukanso chilimwe, ndiye nthawi imene mbewu zikufuna dzuwa suziphimba, komanso masamba ogwawo pamodzi ndi ndowe za ziweto zimene zimausa pamenepo zimasiya chonde, kuwonjezera apo mizu yake imathandiza kuika nayitirojeni m'nthaka monga zimachitira nyemba. Gaidi anapempha kaye kwa mayi wina mwini munda tisanalowe, zimene ndinazikonda, ndipo mayiwo titawafunsa chifukwa chake sanaudule anangoti "ana anga, pansi apa ndi pamene ndimakolola, ndiudule ndidye chani?" Mtengowu kale unkatchedwa Acacia albida koma pano uli pawokha, Faidherbia albida, dzina lochokera kwa Louis Faidherbe amene anali bwanamkubwa wachifalansa ku Senegal. Minga yake ndi yowongoka iwiriiwiri, nthambi zanthete ndi zoyererako zokhotakhota. Amene mumayenda njira ya ku Salima mwauonapo wambiri, mwina osaudziwa chabe.

Umene anthu amausokoneza ndi nsangu ndi mthethe, Senegalia polyacantha, poti nawonso khungwa lake ndi lotuwa moyera ndipo umakula kutalika. Koma ukauyandikira wokha umakuuza, minga yake yokhota imakugwira malaya, makoko ake ndi owongoka aphanthiphanthi, ndipo dzinja umakhala ndi masamba ake bwinobwino. Umakonda mmbali mwa madambo ndi mitsinje ndipo alimi akale akauona amadziwa kuti nthaka ya pamenepo ndi yabwino. Uwu mabungwe a zamitengo akhala akugawa mbande zake mmidzi kwa zaka zambiri ndiye ena munaudzalapo ku sukulu.

Ina tinangoidutsa mwachangu poti dzuwa linali litayamba kuswa mtengo. Vachellia tortilis uja wa denga lambulera, umene uli ndi minga ya mitundu iwiri pa nthambi imodzi, yaitali yowongoka ndi yaifupi yokhota, makoko ake opotana. Vachellia nilotica wa makoko okhala ngati mkanda, njere iliyonse ikuonekera payokha, akapsa amada ndipo amanunkhira, maiko ena amafufutira zikopa. Ndi kachitsamba kena ka Dichrostachys cinerea kamene aliyense amalumbira kuti ndi acacia koma si iye, minga yake ndi tinthambi tosongoka timene nthawi zina timamera ndi masamba omwe. Wokongola kuposa yonse tinaupeza malo a chinyontho kufupi ndi Shire, Vachellia xanthophloea, thunthu lonse lachikasu mobiriwira, ukalisisita dzanja limatsala ndi ufa. Azungu oyamba kufika kumadera ngati amenewa ankaganiza kuti mtengowu ndi umene umadwalitsa malungo, osadziwa kuti umangokonda malo amodzi ndi udzudzu.

China chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa bamboyu ndi choti pa mtengo wina umene unalibe maluwa kapena makoko sanapeke dzina kuti atisangalatse, anati uwu ndi Senegalia koma kupitirira apo tidikire makoko, kapena muthyole kanthambi mukafunse ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera, ku Zomba. Magaidi ambiri amene ndayenda nawo sangayerekeze kunena zotero, amangotchula dzina lililonse molimba mtima poti akudziwa kuti simukafufuza.

Tsopano madandaulo. Pa kapepala kawo kotsatsa panalembedwa Majete ndi chithunzi cha kadyamsonga, ndiye tonse tinkadziwa kuti tilowa mpaki, ena anabwereratu chifukwa cha chimenecho poti chiyambireni bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyendetsa malowa mu 2003 nyama zinabwereramo ndipo akadyamsonga anafika mu 2018. Tafika pafupi ndi geti ndi pamene akutiuza kuti ndalama yolowera siinali mu K45,000 ija ndipo galimoto yathu siingathe misewu ya mkati, amene akufuna alipire payekha. Vuto si la paki ayi, iwo ndalama zawo zolowera ndi zodziwika, vuto ndi la otsatsa ulendowa amene sananene poyera. Tinabwerera panja. Kunena zoona mitengo yonse imene ndatchulayi tinaionera mmbali mwa msewu ndi mminda ndipo inakwana, koma munthu umuuze zoona asanatulutse ndalama.

Lanchi inali chipisi chozizira chimene chinagulidwa mmawa ku Blantyre nkuyenda tsiku lonse mu buti, ndi kachidutswa ka nkhuku koti ukayetsemula kauluka, madzi botolo limodzi laling'ono munthu mmodzi ku Chikwawa mu Okutobala, aaa ayi. Tinachita kukagula madzi ena ndi zigumu pa Dyeratu. Analibenso ngakhale pulasitala kapena sipiliti pa ulendo woti ntchito yake ndi kugwira minga, mnyamata wina anabwera ndi masilipasi munga unalowa chidendene tinachita kuuchotsa ndi pini wa mayi wina. Komanso gaidi akatenthedwa amathamanga ndi maina a Chilatini osapuma, pakanakhala kapepala kamodzi kolemba maina ndi zizindikiro zake bwenzi zili bwino, ine ndinkangolemba mu foni dzuwa likuthobwa mmaso moti zina ndinachita kukonza kunyumba.

Nyengo yake ndinganene kuti Seputembala ndi bwino kuposa Okutobala, mkunkhu umakhala uli pa maluwa, nsangu uli ndi masamba ndi makoko, ndipo kutentha kumakhala kusanafike popenga. Dzinja udzu umatalika, tinjira ta mminda timaterera ndipo nsangu mukaupeza uli mbulanda. Kwa aphunzitsi a sayansi ndi agirikacha, ana a sukulu za zankhalango, alimi a njuchi kapena aliyense amene amayendayenda njira ya Nchalo ndi Nsanje nkumadabwa kuti mitengo imeneyi ndi chani, ulendowu ndi woyenera. Ngati cholinga chanu ndi kukajambulitsa ndi njovu sungani ndalama yanu mupite ku Majete mwachindunji.

Mukamabukitsa lipirani theka lokha pa Airtel Money kapena Mpamba, linalo mukapereke galimoto ikafika, ndipo afunseni alembe pa meseji ngati za paki zilimo kapena ayi. Valani nsapato zotseka za soli yokhuthala ndi malaya a manja aatali amene simukuwadandaula, mthethe sukhululuka. Ndipo ngati muli gulu lokwana anthu anayi kapena asanu ndipo wina ali ndi galimoto yabwino, kambiranani nawo kuti mungolipira gaidi yekhayo, anatiuza kuti zimenezo amalola ndipo zimatsika mtengo.