Ndemanga yanga pa seva ya Minecraft ya 4 GB: nyenyezi zitatu

Patha miyezi itatu tsopano chilembetsereni seva ya Minecraft, kompyuta ya pa intaneti imene osewera amakumanirapo m'masewera omanga zinthu ndi mabuloko amenewa, kudzera ku shopu ina ya makompyuta ya m'tauni muno mu Mzuzu, phukusi lapakati la memori ya 4 GB limene timalipira pa Mpamba kumayambiriro kwa mwezi. Ndikanatha kungolemba mizere iwiri yonena kuti seva imayenda bwino, koma zimene zinachitika m'sabata yachitatu zinandipweteka mtima kwambiri, ndipo ndikuona kuti kholo lililonse limene likuganiza zochita ngati ine liyenera kuzimva lisanatulutse ndalama zake.

Ine si katswiri wa makompyuta. Ndinkangofuna kuti mwana wanga wa zaka 12, amene ndimakhala naye kuno ku Luwinga, azisewera m'dziko limodzi ndi asuweni ake atatu a ku Lilongwe ndi ku Zomba komanso anzake atatu a kusukulu, m'malo momalowa m'maseva a anthu osawadziwa. Poyamba ndinayesa ndekha pa laputopu yakale. Fayilo ya server.jar inkangotseguka n'kutsekekanso, mpaka ndinazindikira kuti mu eula.txt muyenera kusintha mawu akuti false kuti akhale true. Kenako inakana chifukwa Java yanga, pulogalamu imene seva imadalira kuti iyende, inali yakale, popeza Minecraft inayamba kufuna Java 21 pa mtundu wa 1.20.5. Zonsezi nditakonza, mwana wanga ankalowa bwinobwino ali m'nyumba, koma a ku Lilongwe ankalephera. Ndinatsegula poti 25565, khomo limene osewera akunja amalowera pa seva, pa rauta kangapo konse osaphula kanthu, chifukwa intaneti ya simu khadi ngati yathuyi imagawira anthu ambiri adiresi imodzi ya IP, zimene amazitcha CGNAT, ndipo munthu wakunja safika pa kompyuta yanu ngakhale mutatsegula poti motani. Komanso magetsi akangozima rauta imazima nawo, masewera n'kuthera pomwepo.

Umu ndi mmene ndinafikira ku shopuko. Bambo amene amakhala pa kauntala anandilandira mwansangala ndipo anandifotokozera kuti makina enieni ali ku Johannesburg, iwo amangobwereka malo n'kumatigulitsa m'makwacha, zimene zimathandizadi ife amene tilibe khadi yolipirira m'madola. Ndinawauza momveka kuti ine ndi mwana wanga tili ndi Java Edition pa kompyuta, pomwe ena onse amasewera pa foni, kutanthauza Bedrock, ndiponso kuti sindikufuna mlendo aliyense m'katimo. "Musadandaule, bambo, zonsezo ndikonza ine, ndipo bakapu timachita tsiku ndi tsiku," anatero, kutanthauza kusunga kope la dziko la masewerawo. Anaika Paper, pulogalamu yoyendetsera seva, pamodzi ndi Geyser, imene imalola a pa foni kulowa pa seva ya Java kudzera pa poti 19132, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ana onse asanu ndi awiri anali atalowa. Kwa masabata pafupifupi atatu ndinalibe chodandaula. Mwana wanga anatha masiku ambiri akumanga bwalo la mpira loyerekeza Mzuzu Stadium, ndipo mwana wa mlongo wanga wa ku Zomba anakumba dziwe, kulima tirigu ndi kumanga khola la nkhosa pambali pake.

Loweruka lina mu Julayi, m'mamawa kukuzizira kuja kwa kuno kumene madzi a m'ndowa amaluma zala, mwana wanga anagogoda kuchipinda atavala juzi yake ya kusukulu, laputopu yotsegula ili m'manja. Sanalire, koma mawu ankatuluka movutikira. "Adadi, taonani." Pamene panali bwalo lija panali maenje okhaokha a mabomba a TNT, chiphalaphala chamoto chikuyenderera kuchokera pamwamba pa mipanda yotsala, nkhosa zonse zaphedwa, mabokosi osungiramo zinthu ali pululu. Chimene chinandikwiyitsa koposa ndi zikwangwani zimene munthuyo anazika ponseponse, zolembedwa mawu otukwana a Chingerezi amene sindingafune kuti mwana aliyense awerenge. Ndinalipira ndalama zanga pofuna kutchinjiriza anawo ku zinthu zoterezi, ndiye zinawapeza pamalo pomwe ndinawauza ndekha kuti ndi potetezeka.

Ndinakwera takisi m'mawa womwewo kupita m'tauni nditanyamula laputopuyo. Bambo a pa kauntala aja sanafune n'komwe kuyang'ana pa sikirini. Anati, "Bambo, amene wachita zimenezi ndi mmodzi mwa ana omwewo, akafunseni bwinobwino. Komanso awa ndi masewera chabe, amanganso." Nditafunsa za bakapu ya tsiku ndi tsiku imene anandilonjeza, anayankha kuti aona Lolemba, n'kutembenukira kwa kasitomala wina amene ankagula chaja. Mawu awo aja ndinawakhulupirira, ndipo apa ndi pamene pandiwawa mpaka lero. Madzulo ake ndinaimbira mlongo wanga ku Zomba ndi kumupempha kuti amufunse mwana wake ngati anakangana ndi mnzake m'masewera. Mwanayo analira pa foni akunena kuti, "Amalume, nkhosa zanga zafanso, ndingaphe bwanji nkhosa zanga?" Ndinaimbiranso makolo a ana a kusukulu aja, ndipo mmodzi mwa iwo anamuletsa mwana wake kuseweranso. Ana osalakwa anaimbidwa mlandu kwa masiku awiri chifukwa munthu wamkulu sanafune kutsegula fayilo imodzi n'kuwerenga.

Lolemba bambo aja kunalibe, ndipo anandithandiza ndi mtsikana wina amene amakhala kuchipinda chakuseri kokonzera mafoni ndi makompyuta. Anandipatsa mpando, anatsegula fayilo ya latest.log ndi zina zakale za m'foda ya logs, ndipo pasanathe mphindi khumi anandilozera mzere ndi chala. Cha m'ma 2 koloko usiku wa Lachisanu, pa sevapo panalowa dzina langa lenileni, koma kuchokera pa adiresi ya IP yosakhala yathu, pamene ine ndinali m'tulo. Kenako anatsegula server.properties n'kundionetsa mizere iwiri: online-mode=false ndi white-list=false, wachiwiriwu kutanthauza kuti mndandanda wa mayina ololedwa kulowa unali wozimitsidwa. Anandifotokozera modekha kuti mzere woyambawo ukakhala true, seva imafunsa kaye ku Mojang, kampani yopanga Minecraft, ngati munthu amene akulowayo ndi mwini wakedi wa akauntiyo, koma ukakhala false aliyense atha kulemba dzina lililonse n'kulowa. Popeza dzina langa linali la op, woyendetsa seva, wakubayo anangolilemba n'kupeza mphamvu zonse. Anatinso pali anthu amene amayendetsa mapulogalamu ofufuza pa intaneti usana ndi usiku, kusaka maseva otsegula pa poti 25565, choncho sizitengera kuti mwauza ndani adiresi yanu.

Nditafunsa chifukwa chimene anazimitsira chitetezo chimenechi, iye sanafune kunenera mnzake zoipa, koma anandiuza zoona. Geyser ikakhala yokha pa seva yotetezedwa imafuna kuti wa pa foni aliyense akhalenso ndi akaunti ya Java. Njira yoyenera ndi kuikanso Floodgate, imene imawazindikira ndi maakaunti awo a Bedrock, koma yachidule ndi kungozimitsa online-mode, ndipo ndi imene bambo aja anasankha osandiuza. Bakapu ya tsiku ndi tsiku nayo inali isanatcheredwe n'komwe. Malo ake anali opanda kanthu chiyambire tsiku limene ndinalipira.

Apa ndinali nditatsimikiza zoti ndiitanitse ndalama zanga ndi kuchoka. Koma mtsikanayo anandipempha kuti ndidikire masiku awiri, analembera kalata eni makina ku Johannesburg, ndipo kunapezeka kuti iwo amasunga okha kope la makina onse kamodzi pa sabata. Lachitatu masana anandiimbira foni, nati, "Bambo, muwauze ana alowe." Dziko linabwerera mmene linalili masiku asanu ndi limodzi chiwonongekocho chisanachitike: bwalo lilipo koma lopanda denga, dziwe lilipo, nkhosa zili m'khola. Anaika Floodgate, anabwezera online-mode pa true, anayatsa white-list n'kulembamo mayina athu asanu ndi atatu okha, anatchera bakapu ya usiku uliwonse, ndipo anandiphunzitsa kukopera foda ya world pa fulashi yanga. Anandichenjezeratu kuti kusinthaku kusintha nambala imene seva imadziwira wosewera aliyense, motero zida ndi zinthu zimene ana ananyamula m'thumba zitayika, ndipo zinatayikadi, koma popeza tinadziwiratu palibe amene anakhumudwa. Sanandilipiritse ngakhale tambala imodzi pa ntchito yonseyi.

Kunena chilungamo, kuyambira tsiku limenelo seva sinandivutitsenso. Ana onse akalowa nthawi imodzi 4 GB imakwanira, makamaka chitsitsireni view-distance, mtunda umene wosewera amaona m'masewera, kuchoka pa 10 kufika pa 8, ndipo popeza makina ali ku Johannesburg osati ku Ulaya, kuchedwa kumene timakuona n'kochepa, kupatula madzulo pamene netiweki yathu yomwe yadzaza. Bandulo siyitha msanga ngati mmene imathera poonera mavidiyo. Magetsi akazima kuno, a ku Lilongwe ndi ku Zomba amapitiriza kusewera osadziwa n'komwe.

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mtsikana uja. Bambo a pa kauntala mpaka lero sanapepese, amangondilonjera ngati palibe chinachitika, pamene ine ndinachita kuimbanso foni kwa makolo onse ndi kupepesa kwa mwana wa mlongo wanga. Mnyamata amene analetsedwa uja anabwerera patatha mwezi wathunthu. Ngati mukukalembetsa phukusi limeneli, musachoke pa shopupo asanakutsegulireni server.properties kuti muone ndi maso anu kuti online-mode ndi white-list zonse zili pa true, ndipo muwauze akuonetseni bakapu yoyamba itasungidwadi. Ine ndikupitiriza kulipira mwezi ndi mwezi, koma ndikakhala ndi vuto ndimadutsa pa kauntala n'kukagogoda kuchipinda chakuseri.