Thanki yojambulidwa ya ku Winton Wetlands: ndi yoyenera kupatukirako

Amene mukuyenda pa msewu wa Hume kuchoka ku Melbourne m'dziko la Australia, patukirani ku Benalla, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, mukaone thanki ya madzi ya ku dambo la Winton Wetlands. Katswiri wojambula pa makoma, Guido van Helten, anaijambula mu 2016. Anajambulapo nkhope zitatu za anthu a m'deralo amene amadzipereka kuzimitsa moto wolusa pansi pa bungwe la Country Fire Authority.

Utoto wake ndi wakuda, woyera ndi wotuwa basi, ndipo umagwirizana bwino ndi mitengo ya bulugamu youma imene yazungulira malowo. Mitengoyo inafa pamene dambo linamizidwa kuti pakhale nyanja ya Mokoan, yomwe inaphwetsedwa pambuyo pake. Zimakhudza mtima ndithu.

Popeza thankiyo ndi yozungulira, nkhope zonse sizioneka mutaima pamodzi. Izungulireni pang'onopang'ono. Pojambula ndi kamera, bwererani m'mbuyo, chifukwa mukayandikira kwambiri nkhope zimapindika pa chithunzi. Dzuwa la masana limabisa mizere ya pankhope, choncho fikani m'mawa kapena chakumadzulo.

Misewu ina ya m'dambomo ndi yafumbi, imavuta mvula ikagwa. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumatentha koopsa ndipo mthunzi ndi wochepa. Tengani madzi akumwa, chipewa ndi nsapato zotseka, chifukwa m'udzu mumakhala njoka.