Fellowship ya Advance HE: kodi imamuthandiza bwanji mphunzitsi woyamba kumene pa yunivesite?

M'mayunivesite ambiri mphunzitsi wachinyamata amadziwika ndi kafukufuku amene wasindikiza, pamene ntchito yokonzekera phunziro, kuima pamaso pa ophunzira ndi kuchonga mulu wa mayeso imatengedwa ngati chinthu chimene aliyense angathe. Bungwe la Advance HE la ku Britain lili ndi dongosolo lotchedwa Fellowship, lopereka ulemu kwa aphunzitsi chifukwa cha luso lawo lophunzitsa, lofuna kuwongola zimenezi, ndipo ndikuliunika ndi chidwi chifukwa likukhudzanso abale athu amene akuchita maphunziro a PhD kumeneko uku akuphunzitsa magulu ang'onoang'ono a ophunzira.

Bungweli linabadwa mu 2018 pamene mabungwe a Higher Education Academy, Equality Challenge Unit ndi Leadership Foundation for Higher Education anaphatikizidwa. Ulemu umene limapereka uli m'magawo anayi, omwe ndi Associate Fellow, Fellow, Senior Fellow ndi Principal Fellow, ndipo wolandira amaika zilembo monga AFHEA (Associate Fellow) kapena FHEA (Fellow) kumapeto kwa dzina lake. Muyeso wake ndi Professional Standards Framework, umene unatuluka koyamba mu 2006 ndi kukonzedwanso mu 2011 ndi mu 2023. Muyesowu umayang'ana mbali 5 za ntchito, kuyambira kukonza maphunziro, kuphunzitsa, kuyesa ophunzira ndi kuwauza pamene akulephera, kuwathandiza ndi kuwatsogolera, mpaka kudzikulitsa pa luso lako lomwe.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri n'chakuti uwu si mpikisano. Mphotho ina ya aphunzitsi a pa yunivesite ku Britain, yotchedwa National Teaching Fellowship Scheme, yomwe inayamba mu 2000, imapatsa ulemu anthu owerengeka okha pachaka, ndipo munthu amayenera kusankhidwa kaye ndi yunivesite yake, kotero kuti wongoyamba kumene sangayembekezere zambiri kumeneko. Mu Fellowship aliyense wokwanitsa muyeso amalandira, ndipo palibe amene amalanda malo a mnzake. Gawo la Associate Fellow limafuna umboni pa mbali ziwiri zokha mwa zisanu zija, zomwe zikutanthauza kuti ngakhale wothandizira ophunzira mu labotale, amene sanapatsidwepo kosi yakeyake, akhoza kuzindikiridwa. Ichi ndi chifundo chenicheni kwa anthu amene amasenza mtolo waukulu wophunzitsa koma mayina awo samveka paliponse. Gawo la Fellow ndilo limafuna umboni pa mbali zonse, ndipo mayunivesite ambiri a ku Britain amayembekezera mphunzitsi watsopano kulipeza m'zaka zake zoyamba pa ntchito.

Pali chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Wopempha mwachindunji ku bungweli amalemba nkhani yofotokoza zimene amachita m'kalasi, chifukwa chake, ndi umboni wakuti ophunzira akupindula, kenaka munthu wodziwa ntchito yake amamulembera kalata yomuchitira umboni. Oweruza amawerenga zolembazo, koma salowa m'kalasi kukamuona akuphunzitsa. Choncho mphunzitsi waluso pa cholembera akhoza kudutsa mosavuta, pamene mnzake amene amatsitsimutsa kalasi yonse, koma sanazolowere kudzifotokoza m'Chingerezi cha akatswiri a zamaphunziro, amavutika. Kwa ife amene tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, kulemba masamba angapo odzaza ndi mawu akuti "ine ndinachita" n'kolemetsa ndithu, ndipo ndikanakonda kuti kuonerera phunziro kukhale ndi mphamvu yofanana ndi zolembazo.

Ulemuwu subwera ndi ndalama ya mphotho, ndiponso wopempha payekha amalipira. Amene yunivesite yake ili ndi dongosolo lovomerezedwa ndi Advance HE nthawi zambiri amadutsa popanda kutulutsa ndalama m'thumba, komanso amapatsidwa mlangizi womuwerengera zolemba zake asanazipereke, ndipo iyi ndiyo njira imene ndingalimbikitse. Wofuna kudzapempha ayambe kusunga ndemanga za ophunzira, mapulani a maphunziro ndi zimene anzake ananena atamuonerera kuyambira teremu yoyamba, pakuti umboni wotere ndi wovuta kuusonkhanitsa chaka chikatha. Amene akufuna kudzabwerera kukaphunzitsa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Lusaka ayambe wafunsa ngati kumeneko zilembozi zimawerengedwa pokweza munthu pa ntchito.