Nyenyezi zitatu, koma zonse ndi za mnyamata wothandizira uja

Ndinapereka K350 popanda kunenerera pa shopu ina yokonza mafoni ndi makina a magemu kuno ku Chipata, kuti mwini wake andiikire chipu ya Modbo 5.0, yothandiza makina kuwerenga madisiki okopera, mu PlayStation 2 (PS2) Slim yanga, SCPH-77004, imene ana a ku Mchini amasewererapo gemu ya mpira ya PES pa kashedi kanga. Anati ndibwere mawa lake, ndipo ndinapezadi yatha. Pa shopu pomwepo inayaka bwinobwino, chizindikiro cha Matrix, chosonyeza kuti chipu ikugwira ntchito, n'kuoneka pa TV, ine n'kunyamula.

Loweruka ndi limene linandionetsa zakuda. Ana adzaza, ena alipira kale, masewera ali pakati, makina anangouma. Kuzimitsa, kuyatsanso, TV bii! Palibe chithunzi, palibe ngakhale kaphokoso kaja koyambira. Ukaisiya kuti izizire imayaka, ikangotentha pang'ono yafanso. Ndinabweza ndalama za ana, ndipo ambiri anapita kwa mnzanga wa kuseri amene ali ndi PS3. Amene mumachita bizinesi imeneyi mukudziwa kuti mwana akazolowera kwina, kumubweza ndi ntchito.

Nditabwerera nayo, mwini shopu sanadzuke n'komwe pampando. Maso ali pa foni, anangoti, "Akulu, laser yanu yowerenga madisiki yatha. Makina aya ndi akale, a mu 2006. Komanso malaiti a kwanu kuja amabwera ndi mphamvu, mwina mwaotcha nokha." Ndinamuuza kuti isanalowe m'manja mwake inkawerenga madisiki popanda vuto lililonse. Anaseka, n'kuuza kasitomala wina amene anali pambali kuti anthu amabweretsa zinthu zakufa kale kenako n'kumalira. Ine ndili pomwepo, munthu wamkulu, ndi imvi zanga. Kenako anati laser yatsopano ndi K250, kuwonjezera K50 yongoyang'anira. K50 imeneyo anaitenga asanagwire n'komwe sikuluu imodzi. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka pano ndikaikumbukira nkhope yake mtima umandiwawa.

Apa m'pamene mnyamata amene amakhala pakona kusintha magalasi a mafoni analankhula, motsitsa mawu chifukwa bwana wake anali pafupi. "Atate, ndibwerekeni ndione." Anachotsa disiki, n'kuyatsa makina opanda kanthu mkati. Anati PS2 yopanda disiki imayenera kufika pa menyu yake ija ya Browser ndi System Configuration, laser ikhale yamoyo kapena yakufa, chifukwa pamenepo laser ilibe chowerenga. Ngati ngakhale menyuyo sikubwera, vuto lili kwina. Anandiuzanso kuti laser yofooka nthawi zambiri imakuponyera pa sikirini yofiira ija yokuuza kuti ulowetse disiki ya PlayStation, osati mdima wa bii. Ataisiya kuti izizire, anaiyatsa atagwira batani la START, limene limazimitsa chipu, n'kuika disiki yanga ya orijino. Inawerenga msanga. Bwana uja anangoti zii, n'kutuluka ngati waitanidwa panja.

Atatsegula, ndinaona ndi maso anga zimene ndinalipirira. Chipu imeneyi imalumikizidwa ndi mawaya pafupifupi 20, opyapyala ngati tsitsi, ndipo uliwonse uli ndi chilembo chake. Ena amapita ku mbali yoyendetsa disiki, ena ku BIOS, imene imadzutsa makina. Mnyamatayo anandipatsa galasi lokulitsira zinthu n'kundilozera pa mawaya a BIOS. Umodzi unali utangokhudza chabe, mtovu wake wotuwa, wosagwira. Atautokosa ndi kansonga ka pinseti unasuntha. Anati makina akatentha, malo otero amatakasuka, waya n'kusiya kugunda, ndiye chifukwa chake inkayaka ikazizira basi. Pafupi pomwepo panali kadontho ka mtovu kotsala pang'ono kulumikiza timiyendo tiwiri. Waya wa ground, wa negetivu, umene umafunika ukhale wokhuthala ndi waufupi, anaika wopyapyala womwe uja, wautali, wozungulira bodi. Chipu yeniyeniyo inamatidwa ndi selotepi wamba wa m'sitolo, wayamba kale kufutuka ndi kutentha, moti ikanatha kugunda chitsulo chophimba bodi tsiku lililonse. Ntchito yonseyo anaigwira ndi mwini shopu, amene chikwangwani chake panja chimanena za ukatswiri.

Ndinalowa m'shopumo nditatsimikiza kuti ndidzalemba nyenyezi imodzi ndi kuchenjeza Chipata yense, kuyambira ku Kapata mpaka ku Navutika. Koma mmene mwana uja anagwirira ntchito zinandifewetsa. Anapukuta mtovu wakale, n'kupaka flux, mankhwala othandiza mtovu kugwira, n'kuwotchereranso waya uliwonse wokayikitsa payekhapayekha, dzanja losanjenjemera. Anasintha ground, n'kupima ndi mita ngati pali pogundana, n'kumata chipu ndi tepi yopirira kutentha. Sanandilole kunyamula nthawi yomweyo. Anati, "Atate, isewere kaye mpaka itenthe, tione." Tinakhala pamenepo mpira ukuyenda pa TV mpaka makina anafunda ndithu, osauma.

Ndinatchulanso zoti gemu ina imatuluka yopanda mtundu, yakuda ndi yoyera, pa TV yanga yakale ya chimsana. Anati imeneyo ndi ya NTSC, ya ku America kapena Japan, pamene makina anga ndi TV ndi za PAL, mtundu wa kuno kwathu. Anayatsa atagwira Triangle ndi Circle, menyu ya chipu inatuluka, anasintha pa Screen Fix, nditafika kunyumba mitundu inabwera. Anandilangizanso kuti ndikafuna kusunga laser ndiyambe kusewera pa fulashi kudzera mu pulogalamu ya OPL, koma anandiuziratu chilungamo kuti USB ya PS2 ndi 1.1, yochedwa, ndiye mavidiyo a m'magemu ena amadukaduka, komanso pa fulashi yofomatidwa mu FAT32 gemu yoposa 4GB imafunika kuidula zidutswa. Sanandikakamize kugula kanthu. Nditafuna kumupatsa ya dirinki anayang'ana kaye kukhomo asanalandire, ndipo zimenezo zinandiuza zambiri za mmene amakhalira ndi bwana wake.

Kuchokera pamenepo makina akugwira tsiku lonse, malaiti akakhalapo, ndipo ana ayamba kubwerera pang'onopang'ono. Ngati mukupita kukaikitsa chipu pa shopu imeneyi, nenani poyera kuti mukufuna agwire ndi mnyamatayo, ndipo muone mkati asanatseke. Akakuuzani za laser, muuzeni ayatse kaye popanda disiki inu mukuona.

K50 ija sanandibwezere. Nditaifunsa, mwini shopu anati kuyang'ana kunachitika, ndiye ndalama inagwira ntchito yake. Pepani sanamutchule. Pansi pa makina pakusowanso masikuluu awiri kuyambira tsiku limene iyeyo anatsegula koyamba, ndipo nditamufunsa anati ndinabwera nayo choncho.