Soot ndi njira za exception: ndemanga patatha miyezi isanu

Ndimalemba mapulogalamu a Java pa kampani ina yaing'ono ku Braamfontein, kuno ku Johannesburg, ndipo chaka chino ndinapatsidwa ntchito yopanga chida chofufuza malo onse m'pulogalamu yathu yowerengera malipiro pamene fayilo imatsegulidwa koma osatsekedwa. Ndinasankha Soot, chida chaulere chosanthulira mapulogalamu a Java chomwe chinayambira ku Sable Research Group ya McGill University ku Montreal kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndalemba ndemangayi chifukwa achimwene awiri akumudzi, amene timakumana Loweruka lililonse kuti tithandizane za ntchito, akhala akundifunsa ngati n'koyenera kutayirapo nthawi kuchiphunzira.

Soot imatenga bytecode (malamulo amene pulogalamu ya Java imasandutsidwa kuti kompyuta iiyendetse), yomwe ili ndi malamulo pafupifupi 200, n'kuisandutsa Jimple, kalembedwe kake kosavuta komwe kali ndi mitundu 15 yokha ya malamulo. Kuchokera pamenepo imajambula control flow graph, mapu a mivi yosonyeza mzere umene ungatsatire unzake pulogalamu ikamayenda. Izi zida zambiri zimazichita bwino, choncho sindikhalitsapo.

Pamene Soot yandigwira mtima ndi pa exception, vuto lobuka pulogalamu ikuyenda, limene limaichotsa m'gawo la try n'kuilumphitsira ku gawo la catch lokonzedwa kuti lithane nalo. Poyamba ndinagwiritsa ntchito mtundu wa mapu wotchedwa BriefUnitGraph, womwe sujambula muvi uliwonse wa exception, moti gawo la catch limangokhala palokha ngati nyumba yopanda njira yofikirako. Chida changa chinanena kuti mafayilo onse amatsekedwa, pomwe ndinali nditaona ndi maso anga malo ena amene fayilo imatsala yotsegula kuwerenga kukalephereka. Nditasamukira ku mtundu wina wa mapu, ExceptionalUnitGraph, malowo anaonekera, koma chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi komwe mivi yake imayambira. Tiyerekeze kuti x wapatsidwa 0, kenako mkati mwa try akupatsidwa zotsatira za kugawa manambala athunthu a ndi b. Ngati b ali 0, ArithmeticException imabuka kugawako kusanathe, ndipo x amafika mu catch akadali ndi 0 wake uja. Pachifukwa ichi Soot imajambula muvi wopita ku catch kuchokera pa mzere wotsogolera uja wolepherawo, pakuti ndiwo unali womaliza kutha bwinobwino. Ngati mzere wolepherawo ungathe kusintha kanthu usanagwe, monga pamene ukuitana method ina (kagawo ka pulogalamu kogwira ntchito inayake), nawonso umapatsidwa muvi wake. Mmodzi wa achimwene aja ataona mapuwo pa laputopu yanga anafunsa kuti, "Kodi achimwene, muvi uwu sunasochere?" Sunasochere ayi, ndipo popanda iwo chida chofufuza chikhoza kuganiza kuti mzere wopereka 0 uja ulibe ntchito.

Ndayamikanso kuti wogwiritsa ntchito amasankha yekha kuchuluka kwa chikayiko chimene Soot ikhale nacho pa mizere imene ingathe kuponya exception. PedanticThrowAnalysis imatenga kuti mzere uliwonse ungathe kuponya exception ya mtundu uliwonse, zomwe n'zosamalitsa koma zimadzaza mapu ndi mivi mpaka machenjezo enieni kumira pakati pa machenjezo opanda pake. UnitThrowAnalysis imayang'ana mtundu wa lamulo lililonse, ndipo pa ntchito yanga ndi imene inapereka zotsatira zoti munthu n'kuziwerenga.

Pali chimodzi chimene woyamba kumene ayenera kuchidziwa msanga, ngakhale gwero lake ndi Java yeniyeniyo. Compiler, yomwe imasandutsa Java kukhala bytecode, imakopera gawo la finally (limene limayenda kaya exception yabuka kaya ayi) pa khomo lililonse lotulukira mu try, ndipo kuyambira Java 7 malamulo akale a jsr ndi ret, amene ankathandiza kupewa kukoperaku, saloledwanso m'mafayilo atsopano. Motero close() imodzi yotsekera fayilo imene munailemba mu finally imaoneka kawiri kapena katatu mu Jimple, ndipo muyenera kusunga manambala a mizere kuti machenjezo obwereza muwaphatikize.

Kuphunzira Soot kumafuna kuleza mtima, chifukwa zosankha zake n'zambiri ndipo mafotokozedwe omveka bwino a mivi imeneyi ali mu Javadoc (zolemba zofotokozera) ya ExceptionalUnitGraph, yomwe ndikulangiza kuti muiwerenge musanalembe mzere ndi umodzi womwe. Ofufuza a ku Paderborn University alemba chida chatsopano cholowa m'malo mwake, SootUp, ndipo amene akuyamba ntchito yatsopano angachite bwino kuchiyesa kaye. Ine ndikhalabe pa Soot mpaka ntchito ya malipiroyi ithe, ndipo achimwene aja ndawauza kuti Loweruka likudzali abwere ndi method imodzi yokhala ndi try, catch ndi finally, tidzaijambule papepala tisanaipereke ku kompyuta.